Kuchepetsa khodi yobwerezabwereza mu ma driver a netiweki a Linux: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene wakhalapo pansi n'kuwerenga khodi ya mu foda ya drivers/net, mmene Linux imasungira ma driver (khodi yoyendetsa makhadi a netiweki), amafika pamene amadzifunsa ngati maso akumunyenga. Function yomwe waiona mu fayilo imodzi akukumana nayonso mu ina, kenako mu inanso, dzina lokha ndilo lasintha. Mafunso ali m'munsiwa amachokera pamenepo. Mayankho ake atsamira pa Linux chifukwa ndi khodi imene ndaizolowera.

Khodi yofananayi inabwera bwanji? Kodi olemba ake ndi aulesi?

Ulesi ulipo pena ndi pena, koma si gwero lenileni. Kampani ikapanga chip chatsopano cha netiweki, kawirikawiri chimakhala mwana wa chip chakale. Ma register (malo a mu chip amene driver amalembamo ndi kuwerengamo) ambiri ali pamalo omwewo, kalandiridwe ka mapaketi ndi komweko. Mainjiniya opatsidwa ntchito yolemba driver amaona njira ziwiri: kulowetsa chip chatsopanocho mu driver wakale, kapena kukopera driver wakaleyo, kumutcha dzina lina n'kuyamba kudula zosafunika. Njira yachiwiriyi ili ndi ubwino womwe sitingaukane. Driver wakale, amene akuyendetsa makompyuta osawerengeka, sakhudzidwa. Ukalakwitsa, walakwitsira chip chatsopano chokha, chimene palibe amene wagula.

Banja la ma driver a Intel likusonyeza zimenezi poyera. Panali e1000 wa makhadi a gigabit. Makhadi a PCI Express atachuluka anawapangira wawo, e1000e, amene analowa mu kernel (mtima wa Linux) 2.6.24 mu 2008. Kunabwera igb, ndipo mu 2018 kunabwera igc wa chip cha I225, amene munthu wodziwa igb amamuzindikira nkhope asanamuuze dzina. Kumbali ya makhadi othamanga kwambiri kuli ixgbe, i40e, ice ndi iavf. Mukaika khodi yawo yolandirira mapaketi moyandikana, mumaona kuti ndi ana a nyumba imodzi.

Ndipo si za dzana. Mu 2004 ofufuza a ku University of Illinois anatulutsa chida chotchedwa CP-Miner, chimene chinapeza zigawo za khodi yokoperana zokwana 190,000 mu Linux ndi 150,000 mu FreeBSD.

Ngati khodiyo ikugwira ntchito, vuto lili pati?

Khodi yokoperana imayamba kuvuta tsiku limene wina wapeza bug. Tinene kuti wazindikira kuti memory ikachepa, function yodzazanso ma buffer imasiya DMA mapping (njira yoti khadi lifikire memory palokha) osaimasula. Wakonza mu driver amene khadi lake lili pa tebulo pake, patch (kusintha kwa khodi kumene watumiza) yalandiridwa, aliyense wakondwa. Koma function yomweyo ikukhalanso mu ma driver ena anayi, ndipo palibe akukumbukira. Bug imodzi yachoka, zinayi zatsala kudikirira watsoka.

Palinso zolakwika zomwe kukoperako kumabala pakokha. Munthu wakopera khodi ya mbali ya tx (yotumiza) kuti ikhale ya rx (yolandira), wasintha malo asanu ndi anayi, lakhumi waliphonya. Compiler sadandaula, pakuti variable ija ilipodi ndipo mtundu wake ndi wolondola. Ine ndinatayapo masiku awiri ndikusaka chimene chinkakweza chiwerengero cha mapaketi olowa pamene khadi linali kutumiza. Chinali chilembo chimodzi, mu mzere umene ndinakopera ndi manja angawa.

Chachitatu ndi chimene ma maintainer, osamalira khodiyo, amachimva kwambiri. Linux ilibe API yokhazikika ya mkati mwa kernel, ndipo amene wafuna kusintha kachitidwe ka chinthu ndi amene amasenza ntchito yosintha ma driver onse a mu tree, kutanthauza khodi yonse ya kernel. Chinthucho chikakhala mu function imodzi, ntchitoyo ndi ya madzulo amodzi. Chikalembedwa m'njira makumi atatu zosiyana pang'onopang'ono, ndi ya miyezi, ndipo nthawi zina munthu amangoisiya. Kukula kwa module pa disk, kumene oyamba kumene amakonda kutchula, ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi izi.

Ndiye ndiphatikize khodi iliyonse yofanana imene ndaipeza?

Ayi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri amaterereka.

Musanagwire kanthu, dzifunseni: tsiku lina mzere uwu ukadzasintha, kodi mnzakeyo adzayeneranso kusintha pa chifukwa chomwecho? Yankho likakhala inde, phatikizani. Likakhala ayi, kufananako ndi kwa nkhope chabe.

Pali khodi imene imafanana chifukwa lamulo lake ndi limodzi. Ma register oyambirira a PHY (kachip kolankhula ndi waya) anakhazikitsidwa mu IEEE 802.3, lamulo la Ethernet, ndipo kuwerenga ngati link ilipo kapena kuyambitsanso autonegotiation n'chimodzimodzi pa chip cha kampani iliyonse yotsatira lamulolo. Kuona ngati MAC address ndi yovomerezeka sikudalira khadi. Khodi yotereyi ikalembedwa kawiri, ndiye kuti yalembedwa mopitirira.

Pali ina imene imafanana chifukwa kernel imafuna chinthucho chichitike mwa njira imodzi: kulembetsa driver wa PCI, kusonkhanitsa ziwerengero za CPU iliyonse, kudzaza mayina a ma counter a ethtool. Iyinso ndi yophatikiza, ndipo nthawi zambiri wina anakulemberani kale helper, monga module_pci_driver(), dev_get_tstats64(), ethtool_sprintf() kapena dev_err_probe().

Koma pali yachitatu, yofanana lero lokha. Ma chip awiri a kampani imodzi onse amachita reset mwa kulemba mu register ina n'kudikira kanthawi. Mwaphatikiza, zaoneka bwino. Miyezi ingapo, kampani yatulutsa errata, mndandanda wa zolakwika za chip: chip chachiwiri chimafuna kuti muzimitse kaye DMA musanachite reset. Mwaika if. Kwabwera revision ina yofuna kudikira nthawi yaitali, mwaikanso if. Pakutha zaka ziwiri muli ndi function yolandira ma flag asanu, imene palibe angaisinthe popanda kuyesa makhadi onse, ndipo makhadi onsewo palibe amene ali nawo. Yovutayi yaposa ma function awiri osiyana aja.

Chizindikiro chimene ine ndimayang'ana ndi ichi: function yogawana ikayamba kufunsa woiitana kuti "ndiwe chip chiti?", malire anadulidwa pamalo olakwika. Zimene hardware imasiyana zibwerere kwa driver mwini wake.

Pali zitsanzo zenizeni zomwe kuphatikiza kunathandizadi?

Zilipo zambiri, ndipo yokoma kwambiri ndi nkhani ya PHY. PHY ndi kachip kokhala pakati pa MAC (gawo la khadi losamalira mapaketi) ndi waya. Kale driver aliyense wa Ethernet ankalankhula nako yekha, pomwe PHY yomweyo ya Marvell kapena ya Realtek imapezeka kuseri kwa ma MAC a makampani osiyanasiyana. Zotsatira zake, kachidziwitso kakuti PHY yakuti imafuna kuigwira mwakuti kankapezeka mu driver mmodzi, enawo osadziwa. Mu 2005 Andy Fleming wa ku Freescale analowetsa phylib, ndipo lero ma driver a PHY ali paokha mu drivers/net/phy, ma MAC ambiri n'kumawagwiritsa ntchito. Mu 2017 Russell King anawonjezera phylink, yosamalira zovuta zina monga ma module a SFP amene munthu amatha kuzula n'kulowetsa lina kompyuta ili chiyakire.

Ku Wi-Fi kunali koipirapo. Ma driver ankabwera ndi khodi yawoyawo ya 802.11, yosakira ma access point, yolumikizirana, yobisira uthenga. mac80211 italowa mu kernel 2.6.22 mu 2007, ntchito imeneyi inapita pamalo amodzi, driver n'kutsala ndi kulankhula ndi wailesi yake.

Wina amene ambiri timamugwiritsa ntchito osadziwa ndi usbnet, wolembedwa ndi David Brownell. Mukalumikiza foni ya Android ku laputopu ya Linux ndi chingwe cha USB kuti mugawane intaneti, kapena mukalowetsa kamodemu ka USB, driver amene amadzuka ndi mmodzi wa ang'onoang'ono monga rndis_host, cdc_ether, cdc_ncm kapena qmi_wwan. Onsewa ndi aafupi chifukwa ntchito yolemera yotumiza ndi kulandira kudzera pa USB ili mu usbnet.

stmmac ndi wosiyana pang'ono. Synopsys imagulitsa pulani ya MAC yake kwa opanga ma chip, choncho MAC yofanana ili mu ma chip a Rockchip, Allwinner, Amlogic, NXP ndi ena. Driver ndi mmodzi, ndipo kampani iliyonse ili ndi kafayilo kake, monga dwmac-rk.c kapena dwmac-sun8i.c, kosamalira ma clock ndi ma reset a chip chake.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi DIM, khodi yosintha kuchuluka kwa ma interrupt molingana ndi mmene mapaketi akubwerera. Inabadwira mu driver wa mlx5 wa Mellanox. Mu 2018 inatulutsidwa kukhala ya onse, ndipo amene anayamba kuigwiritsa ntchito ndi bnxt wa Broadcom, kampani yopikisana nayo pamsika.

Ndimamva za page_pool ndi libeth. Zikukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Zikukhudza pamtima penipeni. Khadi lisanalandire paketi, driver amayenera kulikonzera memory yoikamo. Kupempha page (kachigawo ka memory) yatsopano ku kernel pa paketi iliyonse n'kuichitira DMA mapping ndi kodula, makamaka IOMMU, imene imayang'anira memory yomwe khadi lingafikire, ikayatsidwa. Choncho driver aliyense wothamanga anapeza nzeru yake yobwezeretsa ma page. Ma driver a Intel, mwachitsanzo, ankagawa page ya ma byte 4096 pawiri: theka lina lapita ndi paketi kumtunda, theka lina latsala kwa khadi, ndipo driver amayang'ana reference count kuti adziwe ngati theka lija labwerera. Nzeruyi ndi yabwino koma ndi yoterera, ndipo inalembedwa mobwerezabwereza mu driver ndi driver.

page_pool, imene Jesper Dangaard Brouer analowetsa mu kernel 4.18 mu 2018 pa nthawi ya ntchito ya XDP (njira yothamanga yogwirira mapaketi akangofika mu driver), inatenga udindo umenewu. Driver amapempha page ku pool, paketi ikatha ntchito page ibwerera ku pool, mapping yake isanachotsedwe. mvneta, mlx5, stmmac ndi bnxt ndi ena mwa amene anasamukirako.

Kwa Intel, kusamukaku kunabwera ndi ma library awiri a Alexander Lobakin amene analowa mu kernel 6.10 mu 2024. libeth ndi ya zinthu zomwe driver wa kampani iliyonse angagwiritse ntchito, libie ndi ya zomwe zili za hardware ya Intel yokha, monga tebulo lomasulira mitundu ya mapaketi limene i40e, ice ndi iavf aliyense ankasunga lake. Taonani mmene anadulira malire pakati pa ziwirizo. Taonaninso kuti sanasamutse banja lonse tsiku limodzi: iavf ndiye anatsogola kupita ku page_pool kudzera mu library yatsopanoyi, idpf n'kutsatira pambuyo.

Khodi yogawanayo ndiike kuti?

Pafupi kwambiri ndi oigwiritsa ntchito. Ngati kubwerezaku kuli mkati mwa driver mmodzi, static function mu fayilo yomweyo yakwana. Ngati kuli pakati pa ma driver a kampani imodzi, pangani module yaing'ono mu foda ya kampaniyo, ma driver aziisankha ndi select mu Kconfig, ma function ake atuluke ndi EXPORT_SYMBOL_GPL. Ndi mmene mt76 ya MediaTek inachitira ndi mt76x02, yogawana pakati pa mt76x0 ndi mt76x2, komanso mmene ath9k ndi ath9k_htc amagawanira ath9k_hw. Mukafuna kutchinga kuti ena asamangoitana ma function anu mwachisawawa, gwiritsani ntchito symbol namespace.

Kulowa mu net/core kapena include/linux ndi nkhani ina. Kumeneko mudzafunsidwa kuti ogwiritsa ntchito ake ali kuti, ndipo helper yopanda woiitana mu tree silandiridwa. Bwerani ndi ma driver awiri kapena atatu osinthidwa kale.

Anthu amachenjeza za midlayer. Imasiyana bwanji ndi library?

Kusiyana kwake kuli pa amene akuitana mnzake. Library imakhala pambali, driver amaiitana akafuna, ndipo pamene hardware yake ili ndi khalidwe lachilendo amangoilambalala n'kulemba zake. Midlayer imakhala pakati pa kernel ndi driver, chilichonse chimadutsa mwa iyo, driver amangodzaza ma callback, ma function amene midlayer iziitana. Neil Brown analemba za vutoli pa LWN, tsamba la nkhani za Linux, mu 2009, ndipo kuyambira pamenepo mawu akuti midlayer amamveka ngati chitonzo pakati pa olemba kernel.

Kuipa kwa midlayer kumaoneka pakabwera khadi losagwirizana ndi maganizo a amene anailemba. Driver sangathawe, choncho midlayer iyenera kukula kuti imulandire, ndipo imakulira aliyense. Sindikunena kuti midlayer iliyonse ndi yoipa. mac80211 ndi usbnet zili ndi maonekedwe amenewo ndipo zatumikira bwino, chifukwa zinamangidwa pa malamulo olembedwa amene hardware yonse iyenera kutsatira. Koma ngati chomwe mukuphatikiza chachokera pa kufanana kwa ma chip awiri kapena atatu amene mwawaona, lembani ma function ang'onoang'ono oti driver aziitana yekha.

Kodi kuphatikiza sikuchepetsa liwiro?

Kungathe, ndipo pamafunika kusiyanitsa mbali ziwiri za driver. Khodi ya probe, ya ethtool, yotsegula ndi kutseka interface imayenda kamodzikamodzi. Kumeneko phatikizani momasuka, palibe adzamve kusiyana.

Khodi yoyenda pa paketi iliyonse ndi ina. Pa link ya 10 gigabit, mapaketi aang'ono kwambiri a ma byte 64 amafika okwana 14.88 miliyoni pa sekondi, kutanthauza kuti paketi iliyonse ili ndi ma nanosecond pafupifupi 67. M'kanthawi kameneko kuitana function kudzera mu pointer kumamveka. Kunayamba kumveka kwambiri mu 2018, vuto la chitetezo la ma CPU lotchedwa Spectre litadziwika ndipo retpoline, njira yolitchingira, italowa mu kernel, moti panalembedwa ma macro a INDIRECT_CALL oti azifanizira kaye pointer ndi function yodziwika n'kuiitana mwachindunji.

Njira yodziwika yothanirana ndi izi ndi kuika khodi yogawanayo mu header ngati static inline, nthawi zina __always_inline, yolandira callback ya driver ngati argument. Popeza compiler akuona function yeniyeni pa nthawi yomanga, amaisungunulira momwemo ndipo pointer ija imasowa. Khodi yolembedwa ndi imodzi, koma yomangidwa ndi ya driver aliyense payekha. libeth imachita zimenezi m'malo ambiri. Mtengo wake ndi wakuti ma module sachepa, koma tanena kale kuti kukula kwa module sindiko tikulimbana nako.

Musangokhulupirira kuti liwiro silinasinthe. Yezani musanasinthe, yezaninso mutasintha, manambala onse alowe mu uthenga wa patch.

Nanga ma macro aakulu, kapena kuchita #include fayilo ya .c?

Zonsezi zilimo mu kernel. lib8390.c, mtima wa ma driver a makhadi a mtundu wa NE2000 amene Donald Becker anayamba kulemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amalowetsedwa ndi #include mu ma driver angapo, aliyense atatanthauzira kaye njira yake yowerengera ma register. Zinagwira ntchito, koma musatengere. Macro yobala function yathunthu imabisa dzina la function kwa grep, ndipo kernel ikagwa, mzere umene ukuonetsedwa sukuthandizani. static inline imachita zomwezo compiler akuyang'anabe mitundu ya ma argument.

Ndingaipeze bwanji khodi yobwerezedwa?

Njira yosafuna chida chapadera: tengani mafayilo awiri amene mukuwakayikira, gwiritsani sed kusintha dzina loyambira la driver mmodzi likhale la mnzake, kenako diff. Zotsalazo ndizo kusiyana kwenikweni, ndipo muziwerenge mzere ndi mzere. Pena mudzapeza kuti ndi hardware yosiyanadi. Pena mudzapeza kuti ndi bug imene inakonzedwa mbali imodzi yokha, ndipo git log ndi git blame zidzakuuzani kuti ndi iti. Mukapeza yotere, imani kaye. Imeneyo ndi patch yakeyake, yopita ku tree ya net (yolandira zokonza ma bug) ndi mzere wa Fixes wotchula commit imene inabweretsa bug, ndipo ndi yamtengo kuposa kuphatikiza kumene munabwerera.

Zida zosakira khodi yofanana, monga CPD ya PMD, zimathandiza pa foda yaikulu, koma zimatulutsa zambiri zopanda pake, monga matebulo a ma register.

Coccinelle ndi chiyani?

Ndi chida chosinthira khodi ya C m'mafayilo ambiri nthawi imodzi, chimene Julia Lawall wa ku Inria amatsogolera. Mumalemba kusintha kumene mukufuna mooneka ngati patch, icho n'kusaka malo onse ofanana nako ngakhale mayina a ma variable asiyane. Chitsanzo ndi ntchito ya mu 2021, pamene Jakub Kicinski ankaletsa ma driver kulemba mwachindunji mu dev_addr:

```
@@
expression dev, np;
@@
- memcpy(dev->dev_addr, np, ETH_ALEN)
+ eth_hw_addr_set(dev, np)
```

Ma driver onse atadutsa pa ma helper otere, zinatheka kupanga dev_addr kukhala const mu kernel 5.17, moti amene angayese kulembamo mwamseri compiler amamugwira. Onani kuti helper ija inali ndi chifukwa chake: kernel inkafuna kudziwa nthawi iliyonse imene adiresi yasintha. Sikunali kukongoletsa.

Coccinelle imagwira malo ooneka bwino. Otsalawo, amene wolemba anachita mwa njira yakeyake, ndi a manja.

Ma patch ndiwakonze bwanji kuti alandiridwe?

Patch imodzi ichite chinthu chimodzi. Yoyamba ibweretse helper. Yachiwiri isinthe driver woyamba, yachitatu wachiwiri. Mukamasamutsa khodi kuchoka mu fayilo ina kupita mu ina, musasinthe kanthu m'njira, ngakhale ndemanga yolakwika kalembedwe. Wowunika akayatsa git diff --color-moved aziona kuti mizere yangosuntha basi. Kusintha kwa kachitidwe, ngati kulipo, kukhale mu patch yake ndipo kunenedwe poyera. Patch iliyonse izimangika payokha, kuti git bisect isadzakakamire pakati.

Ntchito yotere imapita ku tree ya net-next, imene imatsekedwa pa masabata awiri a merge window, nthawi imene zatsopano zimalowetsedwa mu kernel yotsatira. Ma patch asapitirire 15 pa ulendo umodzi, ndipo mukatumiza dikirani maola 24 musanatumizenso. scripts/get_maintainer.pl ikuuzani oyenera kulandira.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti malamulo olembedwa a netdev, gulu losamalira khodi ya netiweki ya Linux, amanena mosabisa kuti sakonda ma patch ongoyeretsa popanda ntchito ina: kukonza madandaulo a checkpatch, kusanja ma variable, kusinthira ku devm_ popanda chifukwa. Choncho uthenga wa patch yanu uyankhe funso lakuti tapindulanji. Mwina bug inakonzedwa kumodzi n'kuiwalika kwina. Mwina mukufuna kuwonjezera XDP ndipo simukufuna kuilemba katatu. Mizere yochotsedwa imene git diff --stat ikuonetsa imathandiza, koma payokha siikopa munthu.

Ndilibe makhadi onse. Ndiyese bwanji?

Nenani zoona mu patch: awa ndayesa pa hardware, awa ndangomanga. Palibe amene amanyozedwa chifukwa cholemba kuti anangomanga. Amene amataya ulemu ndi wonamizira kuti anayesa.

QEMU, pulogalamu yotsanzira kompyuta, imatsanzira makhadi angapo, monga e1000, e1000e, igb, rtl8139 ndi virtio-net, choncho ma driver amenewa mungawayendetse pa laputopu wamba. Sizikuuzani za liwiro kapena za makhalidwe obisika a chip chenicheni, koma zigwira zolakwika zoonekeratu, makamaka mukayatsa KASAN, lockdep ndi DMA_API_DEBUG. Pa hardware yeniyeni gwiritsani iperf3 ndi pktgen, yerekezani zotuluka mu ethtool -S, sinthani MTU mapaketi akuyenda, tsitsani ndi kukweza interface kambirimbiri, chotsani module n'kuibwezera. Zolakwika za kuphatikiza zimakonda kubisala m'njira zotulukira pakalephereka kanthu, osati pamene zonse zikuyenda bwino.

Ngati mwangosuntha khodi osasintha kachitidwe, fanizirani zotuluka mu objdump musanasinthe ndi mutasintha, kapena onani scripts/bloat-o-meter. Musaiwale kumanga ndi ma config osiyana. Library yatsopano imakonda kuthyoka pamene driver mmodzi wamangidwira mkati mwa kernel, mnzake ali module.

Kodi sizivutitsa osamalira ma kernel akale?

Zimavutitsa, ndipo walira mvula walira matope. Mukasamutsa function kupita mu library, bug yokonzedwa mawa mu library imeneyo siikwanira pa kernel ya LTS (yosamalidwa kwa nthawi yaitali) imene ikadali ndi makope atatu akale. Wina ayenera kuilembanso pamanja, katatu. Makampani amene amasunganso driver wawo kunja kwa tree, womangika pa ma kernel akale ambiri, amamvanso kuwawa komweku, ngakhale kuti ku netdev dandaulo limenelo silimveka kwenikweni.

Palinso china: bug ikalowa mu library, yalowa mu ma driver onse nthawi imodzi. N'chifukwa chake library imafuna maso ambiri kuposa driver, komanso dzina la munthu mu fayilo ya MAINTAINERS.

Ma operating system ena amatani?

FreeBSD inapanga iflib, imene imasamalira ma ring, DMA ndi ma interrupt, driver n'kutsala ndi kumasulira ma descriptor a chip chake. Pofika FreeBSD 12 mu 2018, ma driver a em ndi igb anali ataphatikizidwa pamwamba pa iflib. Ku Windows, driver wa khadi amalembedwa ngati miniport pansi pa NDIS, ndipo pambuyo pake Microsoft inabweretsa NetAdapterCx. Zonse ziwirizi zili kumbali ya midlayer kuposa mmene Linux imachitira ndi Ethernet.

Pali pamene ndiyenera kungoisiya khodi yobwerezedwayo?

Inde. Driver wa khadi la zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo, amene palibe akumusintha ndipo palibe ali ndi hardware yomuyesera, msiyeni agone. Amene akumugwiritsabe ntchito sadzaona phindu la kuphatikiza kwanu, koma adzaona netiweki yawo ikafa, ndipo mwina adzazindikira patapita zaka, atakweza kernel. Chimodzimodzi mizere itatu kapena inayi yobwerezedwa kawiri: helper yake ikhoza kukhala yovuta kuwerenga kuposa mizereyo. Ine ndimadikira kuona kope lachitatu ndisanayambe kuganiza za library, chifukwa pa makope awiri sungadziwe bwino chomwe chili chofanana ndi chomwe changochitika mwangozi.

Ndine woyamba kumene. Ndiyambire pati?

Yambirani pa khadi limene muli nalo. lspci -k kapena ethtool -i ikuuzani driver amene akuliyendetsa. Pa makompyuta ambiri a pa desiki ndi malaputopu mudzapeza r8169 wa Realtek kapena e1000e wa Intel. Werengani driver ameneyo kuyambira pa probe mpaka pa function ya poll ya NAPI, imene imatola mapaketi ofika, kenako werengani git log yake ya zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Ya r8169 ndi yophunzitsa kwambiri: Heiner Kallweit anamusamutsira ku phylib mu 2018, ndipo mukabwerera mpaka nthawi imeneyo n'kutsatira ma commit ake mmodzimmodzi mudzaona khodi ya PHY ikuchoka mu driver pang'onopang'ono, commit iliyonse yaifupi, yofotokoza chifukwa chake.

Mukatero, tengani commit imodzi ya posachedwa yokhala ndi mzere wa Fixes mu driver wa m'banja lalikulu, mufufuze ngati abale ake ali ndi khodi yomweyo yosakonzedwa. Mukaipeza, tumizani patch yokonza m'baleyo, mutchule commit imene munaonerako, ndipo muike mu Cc amene anailemba.